FONI YA KU KATONDO: ONANI TSIKU MUSANALIPIRE

LUSAKA: Alimi ambiri akagulitsa cimanga amakwera basi kudzagula mafoni ogwirapo kale nchito mu mseu wa Katondo, pafupi ndi Cairo Road. Mtengo ngwabwino ndithu, koma ciripo cimene wogulitsa sachula.

Kuyambira caka ca 2015, kampani ya Google imatulutsa kawirikawiri zigamba zotsekera ziboo za Android, mtima woyendetsa foni. Foni ikakalamba, oipanga amaleka kutumiza zigambazo. Ziboo zimatsala pululu, ndipo kapulogramu kacinyengo kolandiridwa pa WhatsApp kangathe kuwerenga mauthenga a ndalama mwini wake ali m'tulo.

Wogula wocenjera amatsegula Settings, nayang'ana tsiku la cigamba cotsiriza. Likakhala la zaka zitatu zapitazo, foniyo njoimbira abale cabe, osati yosungiramo ndalama za cimanga.