KODI APOZI APOSA MANGO ATHU?

Tsiku lina la sikelo kuno ku Benga ndinakumana ndi mayi wina amene mwana wake anali atangochira malungo. Mayiyo anali atagula apozi mmodzi pamsewu wa M5 ndi ndalama imene akanagulira usipa wa banja lonse. Nditamufunsa chifukwa chake, anati: "Ndamva kuti chipatso chimenechi n'chimene chimabwezera mphamvu kwa wodwala." Pabwalo la nyumba yake panali mtengo wa papaya wobereka bwino.

Maganizo otere ali ndi anthu ambiri, choncho tiyeni tione bwinobwino za chipatsochi.

Mtengo wa maapozi umafuna nyengo yozizira kuti uchite maluwa. N'chifukwa chake m'dziko lathu umalimidwa kumapiri monga ku Neno, ku Ntcheu ndi ku Dedza, osati kunyanja kuno kotentha. Mitundu imene imalola kuzizira kochepa ndiyo Anna, wochokera ku Israel, ndi Dorsett Golden, wochokera ku Bahamas. Anna ndi wofiirira, wowawasa pang'ono, ndipo akapsa sachedwa kufewa. Dorsett Golden ndi wachikasu ndiponso wotsekemera. Maapozi ambiri onyezimira a m'masitolo amachokera ku South Africa, ndipo mtengo wake umakwera chifukwa cha ulendo wautaliwo.

Apozi ndi chakudya chabwino ndithu. Ali ndi madzi ambiri, shuga, ndi timinyewa ta m'khungu lake tothandiza kuti munthu asadzimbidwe. Koma pa nkhani ya vitamini C, amene amathandiza kupoletsa zilonda ndi kulimbitsa nkhama, apozi ndi wosauka. Mu magalamu 100 a apozi muli mamiligalamu pafupifupi 5 okha. Mu mango olemera chimodzimodzi muli oposa 30, mu papaya pafupifupi 60, ndipo mu gwafa oposa 200. Malambe ndi masau nawonso amaposa apozi kutali.

Mango ndi mapapaya akupsa ali ndi phindu linanso. Chikasu chawo chija thupi limachisandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda monga chikuku. Apozi ali ndi zimenezi zochepa kwambiri.

Nanga tichite chiyani? Zipatso ndi gulu limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo. Mwana adye chipatso tsiku lililonse, chimene chilipo pa nyengoyo: mango kuyambira Novembala, magwafa mvula ikamatha, malambe ndi masau m'chilimwe, nthochi ndi mapapaya chaka chonse. Wamng'ono amene wakwanitsa miyezi 6 mumukanyire papaya kapena nthochi, koma kuyamwitsa kupitirire.

Mukapeza apozi, idyani mokondwa. Sankhani wolimba, wopanda mabala, ndipo mudye ndi khungu lomwe. Koma chipatso chilichonse chiyambe chatsukidwa ndi madzi a pa mjigo kapena othira mankhwala, osati a m'nyanja, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa zimenezi mowawa.

Amayi ndi abambo, ndalama ya apozi mmodzi mugulire usipa, mazira kapena mtedza wotendera phala la wodwala. Chipatso chake mukathyole pakhomo panu.