Mwini Funso Atchulidwe Dzina

M'boma la Chitipa, limene atsamunda ankalitcha Fort Hill, kumene Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chitumbuka zimamveka pamsika umodzi, ukachitika mpikisano wa mafunso pakati pa sukulu, kaya ku Misuku, ku Kameme kapena ku Nthalire, mwana wopambana amaitanidwa ndi dzina lake, naomberedwa m'manja. Koma mphunzitsi amene anachezera pa koloboyi, nalemba funso la masamu, nalifufuta, naliyesanso kufikira litatsala ndi yankho limodzi lokha, amaima kumbuyo ali duu, akusasa choko m'manja, ndipo funso lakelo anzake amalikopera chaka ndi chaka monga kanthu kotola panjira.

Makolo athu sanali kutero. Pochita zilapi madzulo, onse akalephera kumasulira, ankayamba alipira woponyayo ng'ombe, ingakhale inali ng'ombe yapakamwa chabe, ndipo pamenepo iye ankaulula yankho; pakuti ankazindikira kuti womanga mfundo ndi wamkulu kuposa woimasula. Ngakhale m'buku la Oweruza, mwambi wa mkango ndi uchi timaudziwa kuti ngwa Samsoni, pamene anzake makumi atatu aja amene anaumasulira mwachinyengo palibe ndi mmodzi yemwe wotchulidwa dzina.

Kunja nakonso mlanduwu ulipo. Sewero la manambala lotchedwa sudoku, limene owerenga nyuzipepala ambiri amaliyesa lochokera ku Japan, linayamba kusindikizidwa ku America mu 1979 m'magazini ya kampani ya Dell, pansi pa dzina lakuti Number Place, popanda kutchula wolikonza. A kampani ya Nikoli ndiwo analitengera ku Japan mu 1984 nalipatsa dzina latsopanolo, ndipo munthu wina wotchedwa Wayne Gould analifikitsa ku nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 2004. Kuona maso a nkhono n'kudekha: munthu wina wotchedwa Will Shortz, pofufuza magazini akalewo, anapeza kuti dzina la Howard Garns, katswiri wolemba mapulani a nyumba, linkaoneka pamndandanda wa olemba paliponse pamene sewerolo linalipo, nisowa pamene panalibe. Koma Garnsyo anali atatsikira kale kuli chete mu 1989, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse wa sudoku, umene unachitikira ku Lucca m'dziko la Italy mu 2006, sanauone.

Ine nkhani ya Garns imandiwawa mtima, ndipo sindifuna kuti ibwerezedwe kwathu kuno. Okonza mipikisano ku Chitipa, aphunzitsi aakulu ndi alangizi a maphunziro, sangataye ndi tambala yomwe polemba dzina la mwini funso pansi pa pepala, ndi kuliwerenga mokweza asanaitane opambana; ndipo mwana akabwera ndi chilapi cha Chindali chimene anamva kwa agogo ake, alembe dzina la agogowo ndi mudzi wao.