Chimbale chitakana, ndinamanga nkhokwe ya makanema a banja lathu

Tsiku lovumbulutsa chiliza cha agogo aamuna kwathu ku Mitundu, anthu atadya nsima n'kubalalika, pakhonde tinatsala apabanja okhaokha. Amalume a ku Nathenje ndiwo anayambitsa nkhani. "Kodi kanema wa ukwati wa alongo angawa alipo? Mujatu abambo analankhulamo. Tiyeni tiwamveko lero."

Ndinathamanga kukakoka katoni pansi pa bedi la amayi. Chimbale chinalipo ndithu, zolemba zapamwamba zitafufutika. Tinachiika mu deki. Chithunzi chinabwera, amayi akutsika galimoto atavala velo, ntchembere zikululutira, kenaka zii. Chaima. Tinachipukuta ndi chitenje, wina n'kuti tipake mankhwala otsukira mano, koma chikafika pomwe paja chinkangoimanso. Mawu a agogo anali kutsogolo, ndipo sitinawafike.

Agogo aakazi, omwe amanditchula "amuna anga" chibadwire changa monga achitira agogo ambiri kwathu kuno, anangondiyang'ana. "Amuna anga, si inu munapita ku yunivesite? Ndiye kambale kameneka kakukanikani?" Anthu anaseka. Ine ndinaseka nawo, koma usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Zimene ndinapeza m'katoni

M'mawa mwake ndinakhuthulira katoni yonse pamphasa. Munali makaseti a Alleluya Band ndi a Lucius Banda omwe abambo ankagula kale, kaseti ya Evison Matafale riboni itatuluka ngati matumbo a nkhuku, ma CD obenetsa pamsika wa Mitundu, ma DVD a maukwati ndi a kwaya ya kumpingo kwathu, mamemori khadi omangidwa m'kajumbo, ndi mafoni awiri akufa. Mbiri ya banja lathu ya zaka zoposa 25 inali pamphasapo, ikudya fumbi.

Ambirife timaganiza kuti chinthu chikalowa pa chimbale ndiye kuti chasungika. Ayi ndithu. Chimbale chobena pa kompyuta chimasunga zinthu pa kautoto kopyapyala kamene kamawonongeka ndi dzuwa komanso kutentha, ndipo tonse tikudziwa mmene nyumba ya malata imaotchera mu Okutobala. Tepi nayo imachita chuku nthawi ya dzinja. Memori khadi ndi fulashi zimafa mwadzidzidzi, ndipo zina n'zachinyengo: pamwamba palembedwa 64GB pomwe mkati mulibe malo otero, mafayilo amaoneka ngati alowa koma powatsegula amakana. Fulashi ikangoyenda m'makompyuta angapo obenera nyimbo imabwerako ndi vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Foni ndiye musanene: imabedwa, imagwera m'madzi, imagulitsidwa pakhomo pakagwa vuto.

Chinandikhudza kwambiri n'chakuti zina mwa zinthuzi kulibenso kwina. Lucius Banda anatisiya mu Juni 2024, koma nyimbo zake muzimvabe pawailesi ndi pa YouTube. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yokamba za William Kamkwamba wa ku Kasungu, ili pa Netflix kuyambira 2019, ndipo akuisunga ndi anthu a ndalama zawo. Nanga ukwati wa amayi anu? Nanga kwaya ya kumpingo kwanu ikuimba pamsonkhano wa chitsitsimutso, azakhali anu ali mzere wakutsogolo? Zimenezo mukapanda kusunga inu, palibe wina adzakusungireni.

Tepi ya ku Nathenje

Amayi ndiwo anakumbukira kuti chimbale chija chinali kope chabe. Ukwati wawo unajambulidwa pa tepi yaikulu ija ya VHS, ndipo tepiyo anapita nayo amalume kalekale. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya msewu wa M1 wolowera ku Dedza, n'kutsika pa Nathenje. Amalume anaitulutsa m'tiranki yachitsulo, pansi pa mapepala akale ogulitsira fodya. Inali youma bwino.

Chovuta chinali deki yoisewerera. Kampani yomaliza kupanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya ntchitoyi mu 2016, choncho deki iliyonse imene mungaione lero ndi nkhalamba. Ndinazungulira masiku atatu mu Lilongwe ndisanapeze bambo wina wokonza ma TV yemwe anali nayo yamoyo. Tinailumikiza ku laputopu ndi kachipangizo ka USB kolandira zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira. Ntchito imeneyi ilibe chidule: tepi ya maola atatu imafuna maola atatu, muli chikhalire, mukupemphera kuti magetsi asazime. Anazima kamodzi, tinayambiranso.

Koyambirira kwa tepi kunali mizere yoyera ndipo mawu ankanjenjemera, koma kwina konse kunali bwino. Nditaona agogo akuimirira atavala jekete lawo lija, ndinatsitsa voliyumu n'kuyang'ana kumbali. Ndinkafuna tikamvere limodzi kunyumba.

Nkhokwe imodzi, mayina omveka

Ndinagula hard drive ya 1TB. DVD wamba imanyamula 4.7GB, kutanthauza kuti m'kabokosi kokwana m'thumba la malaya mungalowe ma DVD opitirira 200. Nyimbo imodzi ya MP3 nthawi zambiri siipitirira 10MB, ndiye nyimbo sizidzaza malo. Chodzaza ndi kanema. Pofometa sankhani exFAT kapena NTFS, chifukwa FAT32 imakana fayilo yoposa 4GB. Ma DVD amene ankawerengekabe ndinawasandutsa MP4 ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake. Makaseti a kwaya ndinawajambula ndi Audacity, chingwe chikuchokera pa wailesi ya kaseti kulowa mu laputopu.

Koma ntchito yeniyeni sinali ya makina ayi. Inali yopereka mayina. Fayilo yotchedwa VID_0047 siuza munthu kalikonse. Ndinatsegula mafoda anayi: Maukwati, Maliro ndi Ziliza, Kumpingo, Nyimbo. Dzina la fayilo iliyonse limayamba ndi chaka, kenaka mwambo, kenaka malo. Apa ndi pamene yunivesite yanga inathera, chifukwa zaka ndi nkhope zambiri sindinkazidziwa.

Madzulo angapo tinkakhala pamkeka ndi agogo ndi amayi, ine n'kumaimitsa kanema.

"Agogo, awa ndani?"

"Aaa, simukuwadziwa? Awo ndi amalume a amayi anu. Anatisiya chaka cha njala ija."

Agogo sawerenga zaka ndi manambala. Chaka cha njala ndi 2002. Chaka chomwe anamwalira Kamuzu ndi 1997, ndipo ukwati wa amayi akuti unali chaka chomwecho, mvula isanagwe. Chaka chomwalira Bingu ndi 2012. Ine ndinkangosandutsa zochitikazo kukhala manambala. Nthawi zina amayi ndi agogo ankatsutsana mpaka kuimbira foni amalume kuti aweruze. Nkhope imodzi, ya mayi wovina pafupi ndi keke, palibe anaizindikira mpaka lero. Amene akanatiuza ndi omwe tinali titangowamangira chiliza.

Zonse zimene ndinauzidwa ndinazilemba m'kafayilo ka mawu n'kukaika mufoda momwemo. Hard drive mukhoza kugula chaka chamawa mukakolola. Agogo odziwa nkhope sadikira zokolola zanu.

Kuonera pa foni popanda bandulo

Poyamba ndinkangobaya hard drive ku TV. Koma kuizulazula kumeneko n'koopsa: mkati mwake muli mbale yozungulira mothamanga, ndipo ikagwa pansi ili pantchito, mwalira. Komanso aliyense ankafuna kubwereka kuti akakopere kwake. Ndiye ndinaganiza zoti ikhale malo amodzi ngati nkhokwe, anthu azingotapamo kudzera pa Wi-Fi.

Zofunika ndi zitatu: kompyuta, router ndi hard drive ija. Mu laputopu yanga yakusukulu, ya sikirini yong'aluka, ndinaikamo Jellyfin, pulogalamu yaulere imene imasandutsa kompyuta kukhala ngati Netflix yapakhomo. Mumailozera mafoda anu, iyo n'kuyala makanema ndi nyimbo mwadongosolo. Aliyense wolumikiza foni yake ku Wi-Fi yapanyumba amatsegula app ya Jellyfin, n'kulemba adiresi ya laputopuyo, basi wayamba kuonera. Ena amakonda Plex. Ofuna zachidule angathe kungotsegulira foda kwa ena pa Windows n'kumaonera ndi VLC.

Chimene amalume sanakhulupirire n'chakuti zonsezi sizidya bandulo. "Iwe mphwanga, usatinamize. Kanema pa foni popanda mayunitsi?" Zoona zake n'zakuti router imalumikiza zipangizo za m'nyumba ngakhale ilibe intaneti. Kanema amachoka pa laputopu kupita pa foni osatuluka pakhomo. Bandulo inafunika tsiku lotsitsa mapulogalamu lokha.

Malire ake ndi mtunda. Kwathu Wi-Fi imafika pakhonde ndi kukhitchini, koma mukazungulira kuseri kwa khola yathawa. Kuti msuweni wanga wa ku Johannesburg azionera ali komweko pangafunike intaneti yosadukaduka ndi bandulo yambiri yotumizira, ndiye zimenezo ndinazisiya. Iyeyo ndimamutumizira pa WhatsApp ngati document, chifukwa mukatumiza ngati kanema wamba, WhatsApp imamufinya mpaka nkhope zimaoneka ngati zili mu utsi.

Nanga magetsi? Ubwino wa laputopu ndi batire yake: magetsi akathawa siizima mwadzidzidzi, ndiye hard drive siidzidzimuka. Router tinailumikiza ku batire ya sola. Sitisiya zoyaka usana ndi usiku. Timayatsa madzulo, ndipo kukayamba ziphaliwali timazula zonse kukhoma.

Kope lachiwiri kwa mwini mbumba

Apa ndiye pagona nkhani. Jellyfin ndi yoonetsera chabe, si yosungira. Hard drive imodzi n'chimodzimodzi chimbale chija: tsiku lina idzakana, ndipo idzasankha tsiku loti alendo ali pakhonde. Akatswiri osunga zinthu za pakompyuta ali ndi lamulo lotchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Akuba, moto kapena mphepo yosasula denga zisapeze zonse pamalo amodzi.

Tinasonkherana n'kugula hard drive yachiwiri. Imeneyo imakhala ku Nathenje, m'tiranki momwe munali tepi muja, poti amalume ndiwo eni mbumba. Miyezi itatu iliyonse amabwera nayo, ine ndimawonjezeramo zatsopano, n'kutsegula mafayilo angapo kuona ngati akusewerabe, iwo n'kubwerera nayo. Kope lachitatu ndi la zamtengo wapatali zokha, monga kachigawo ka mawu a agogo ndi zithunzi zakale. Zimenezo zili pa Google Drive, pomwe munthu amapatsidwa 15GB yaulere, ndipo pasiwedi tikuidziwa anthu awiri. Tepi ndi makaseti sitinataye. Chimbale chitakana, chinatipulumutsa ndi tepi yomwe aliyense ankaiyesa yotha ntchito.

Si zonse zoonetsa aliyense

Amayi aang'ono atamva kuti makanema onse ali pa Wi-Fi sanasangalale. Sanafune kuti kanema wa maliro a mwana wawo azisewera pa foni za ana ngati katuni. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinali ndisanawapemphe. Mwamwayi Jellyfin imalola maakaunti osiyana, ndiye ana ali ndi yawo imene foda ya maliro siionekamo. Zachilangizo cha akwati sitinaziike n'komwe. Mwambo uli ndi eni ake, ndipo chimene chinanenedwa kuchipinda sichisanduka cha pabwalo chifukwa choti wina anali ndi kamera.

Nyimbo za oimba nazo ndi thukuta la eni. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 loteteza ntchito za aluso, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likuyang'anira zimenezi kuyambira 1992. Nkhokwe yapakhomo isasanduke malo obenera mudzi wonse. Anyamata awiri anabwera ndi mafulashi awo; ndinawapatsa kwaya yathu, zina ndinawakaniza.

Usiku umene tinaonera ukwati uja, pakhonde panadzaza. Agogo aamuna anaimirira pa sikirini, anakhosomola kawiri monga ankachitira, n'kuyamba kulangiza abambo anga, mkamwini watsopano, kuti kuno ku Mitundu fodya sadikira munthu wodzuka dzuwa litakwera. Anthu anafa nacho chikhakhali, abambo n'kubisa nkhope m'chipewa. Agogo aakazi okha sanaseke. Anasendera pafupi, dzanja lili pachibwano.

Zitatha anati, "Amuna anga, bwezaninso." Ndinabweza. Ndinabwezanso kachitatu.

Sabata yotsatira amayi aakulu anatulukira pa kabaza atanyamula katoni yawo, muli matepi 7. Awiri achita kale chuku. Ndayamba ndi asanu abwinowo, deki ya bambo uja isanafe.