Abale Athu a Kutsidya kwa Ruo

Inu alimi anzanga, mukapita ku Limbe kukagulitsa nandolo kapena kukaona mwana wanu wa pa nchito, tafunsani anthu a ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Chilomoni kuti kwao ndi kuti. Ambiri adzati Mulanje, Thyolo, Phalombe kapena Nsanje. Koma mukafunsitsa za agogo ao mudzamva maina ena: Milange, Gurue, Mutarara. Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kucokera ku Mozambique kuyambira ca m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi, nadzagwira nchito m'minda ya Azungu. Asena a ku Cigwa ca Shire nao ali ndi abale ku Zambezi. Malire anadula pfuko pakati, koma mtsibweni ali mtsibweni ndithu ngakhale akhale tsidya lija la mtsinje.

Cibale cimeneci cinayesedwa pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977 ndi kutha mu 1992. Anthu ngati 1,000,000 anafa, ena ndi mfuti, ambiri ndi njala ndi matenda. Mu 1986 nkhondo inafika m'malire mwathu mweni mweni, ndipo anthu anayamba kuoloka Ruo ndi Shire, mwana kumsana, mphika pamutu, basi. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anaposa 1,000,000, pamene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupi 8,000,000 m'dziko lonse. Ku Nsanje alendo anacuruka kuposa eni midzi.

Oyamba kuwalandira anali mafumu ndi abale ao. Munthu wa munda wa ekala imodzi anadula ndime napatsa msuweni wace. Pambuyo pace Boma, UNHCR ndi Red Cross anakonza misasa monga wa Mankhokwe ku Nsanje, nagawa ufa, nyemba, mafuta ndi mcere. Ine monga mlangizi sindingabise mtengo wace wa cifundo cimeneci: minda inalimidwa osapuma, mitengo inatha ndi nkhuni ndi milimo, ndipo nthaka inakokoloka. Anapatsa ndime aja anali kudziwa zimenezi, koma anapatsabe.

Ku Limbe, kumene kunali likulu la njanji, nkhondo inaoneka pa masitima. Njanji ya ku Beira, yodzera pa mlatho wa Dona Ana, ndi ya ku Nacala zonse zinadulidwa, kotero kuti katundu wathu anayamba kuzungulira pa mseu mpaka ku Durban. Feteleza amene makolo anu anathira m'cimanga zaka zimenezo anayenda ulendo wautali umenewu, ndipo ulendowo unalowa m'mtengo wa thumba. Asilikari athu anapita kukalonda njanji ya ku Nacala, ndipo ena sanabwerere amoyo.

Tsono cimene ndifuna kuti muganizire bwino ndi maliro. Kwathu kuno munthu akamwalira uthenga umayenda, abale amasonkhana pa siwa, adzukulu amakumba manda, cipepeso cimaperekedwa, ndipo patapita masiku ofedwa amameta. Ciri conse ciri ndi nthawi yace, ndipo mtima umatsata pang'ono pang'ono. Pa nkhondo zonsezi zinasokonezeka. Uthenga unafika m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Bangwe patapita miyezi, pakamwa pa munthu amene naye anangomva kwa mnzace ali kuthawa. Mtembo palibe, manda osadziwika, tsiku osadziwika. Wailesi ya MBC inatha kuitana mbale wa ku Mzimba ndi mauthenga acisoni, koma ndani akanapita ku maliro ku mudzi wozingidwa ndi mfuti? A Red Cross anayendetsa makalata ofunafuna otayika. Ena anayankhidwa, ena ai. Mai anakhala zaka osadziwa ngati ali wamasiye kapena wa pa banja. Alire kodi, kapena adikire?

Pamenepa mpingo unagwira nchito yace. Amvano, anthu a m'mphakati ndi akhristu a mipingo yina anabwera kudzacezera m'nyumba yopanda bokosi, naimba, napemphera, naphika, monga amacitira pa maliro ena onse. Alipo amene amati si bwino kulira munthu usanaone manda ace, kuopa kuti ungamlire wamoyo. Mau ao ndiwamva, pakuti ena oliridwa anabweradi. Koma ine ndiri mbali ya amai aja. Munthu amene cisoni camkhala pakhosi sadya, sagona, ndipo khasu limamlemera. Mvula yoyamba siyembekeza kuti mtima wace upole. Mkhristu amakhulupirira kuti Mulungu adziwa pamene munthu wace anagona, ngakhale abale asadziwe, ndipo cikhulupiriro cimeneci cinamasula ambiri kuti alire ndi kubwerera kumunda.

Mu May 1989 Papa Yohane Paulo II anafika ku Blantyre, nathokoza Amalawi cifukwa colandira othawa nkhondo. Mtendere nao unadzera kwa anthu a mpingo. Gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira anali pakati pa okambitsa, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainira pangano ku Rome pa 4 October 1992, caka ca cilala cacikuru cija. Pofika 1995 ambiri anali atabwerera kwao, koma anapeza minda yina iri ndi mabomba okwirira. Dzikolo linalengeza kuti lamaliza kuwazula mu 2015. Mu 1995 momwemo Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya ku Mozambique anayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, potsata mau a mneneri Yesaya. Mwa nchito zonse za pambuyo pa nkhondo, imeneyi mlimi aimvetsa msanga.

Musayese kuti nkhaniyi inatheratu. Mu 2016 anthu a ku Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo msasa wa Luwani unatsegulidwanso. Mu December 2024 zikwi za anthu zinalowa ku Nsanje kuthawa zipolowe za pambuyo pa cisankho.

Cifukwa cace ngati muli ndi agogo amene akumbukira maina a abale a kutsidya, ndi mudzi, ndi mfumu yace, khalani nao pansi sabata lino, mwana wa sukulu alembe zonsezo m'kabuku, ndipo kabuku kena kapite kwa mwana wanu wa ku Limbe. Inu a m'malire, posankha mbeu caka cino sungani yoposa pa munda wanu, makamaka mitengo ya cinangwa ndi kholowa wa mbatata, pakuti zimenezi ndizo mungagawire mbale wofika mvula itayamba kale.