Chubu kapena chubulesi? Yambani mwayang'ana limu

Amalonda ambiri a ku Utale amene amatengera katundu ku Balaka kapena ku Liwonde sayenda pa galimoto yatsopano. Matumba a nandolo, thonje ndi madengu a tomato amakwera matola: Hilux yakale, ka Nissan 1400, Land Rover yomwe yasintha eni kangapo. Ena amadalira njinga yamoto ya kabaza, enanso ngolo yoyenda pa matayala a galimoto. Tayala likatha, funso kwa wogulitsa limakhala lomwe lija: ndigule lachubu kapena chubulesi?

Yankho lili pa limu, chitsulo chimene tayala limavala.

Tayala la chubulesi limasunga mpweya lokha. Mkati mwake muli mphira wosadutsa mpweya, ndipo milomo yake imakanirira pa limu mozungulira monse. Kampani ya BFGoodrich ya ku America idalengeza za tayala lotere mu 1947, ndipo pofika 1955 magalimoto atsopano ambiri kumeneko ankatuluka nalo. Koma malimu a magalimoto ena adapitiriza kupangidwa mwakale kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo ndi amene akuyenda m'misewu yathu yafumbi lero.

Limu yopangidwira chubulesi imakhala ndi kamzere kotukuka chamkati, pafupi ndi m'mphepete pomwe mlomo wa tayala umakhala. Womata matayala akavula tayala, yendetsani chala pamenepo ndipo mukamva. Ntchito ya kamzereka ndi kugwira mlomo wa tayala kuti usatsetserekere pakati pa limu mukakhota mwamphamvu kapena mpweya ukachepa. Pa malimu ambiri pamadindidwa zilembo ngati 5.5J x 14 H2. Chilembo H chikusonyeza kuti kamzere kaja kalipo, ndipo H2 ndiye kuti kali mbali zonse ziwiri. Limu yopanda kamzere itha kusunga mpweya galimoto itaima, mwina masabata angapo, mwini wake n'kumati zatheka. Vuto limadza pa kona, galimoto itasenza matumba mpaka pamwamba: mlomo ukasuntha, mpweya wonse umathawa nthawi imodzi.

Pali malimu a mitundu iwiri omwe safuna n'komwe kukambirana. Yoyamba ndi limu ya masipoko, monga ya njinga zambiri za kabaza. Sipoko iliyonse ili ndi bowo lake, choncho chubu n'chofunika, pamodzi ndi lamba wamphira wophimba mitu ya masipoko kuti isachibaye. Yachiwiri ndi limu yogawika pawiri kapena yokhala ndi mkombero wochotseka, yopezeka pa ma Land Cruiser akale ndi malole ena. Iyi imafuna chubu ndi fulapu. Imafunanso munthu woidziwa, chifukwa mkombero ukakhala kuti sunalowe bwino umatha kufwamphuka popopa ndi mphamvu yoti n'kupha munthu. Akamapopa limu yotere, musaime moyang'anizana nayo ndipo ana akhale kutali.

Tsono nkhani yomwe imadyera anthu ndalama kwambiri ndi iyi. Matayala ambiri a galimoto amene ali pamsika, atsopano ndi akaunjika omwe, alembedwa Tubeless kapena TL m'mbali mwake. Olembedwa Tube Type kapena TT akusowa. Ndiye mwini wa limu yakale amagula chubulesi n'kuikamo chubu. Zimatheka, ndipo nthawi zina palibe njira ina, koma pali zoyenera kusamala. Mkati mwa tayala la chubulesi nthawi zambiri mumakhala timizere tokhakhala, ndipo opanga amamatamo timapepala. Chubu chikamakhuzana ndi zimenezi chimatentha n'kuyamba kudyeka pang'onopang'ono. Wonjezerani dzuwa la Okutobala la ku Balaka kuno ndi katundu wopitirira muyeso, chubu chatsopano chimaphulika mwezi usanathe, inu n'kumadzudzula wogulitsa kuti adakupatsani chachinyengo.

Choncho uzani womata kuti achotse timapepala tonse, apukute mchenga, ndipo awaze paudala pang'ono asanalowetse chubu. Chubu chikhale cha saizi ya tayalalo. Chachikulu chimapindika mkati n'kung'ambikira pa mapindiwo, chaching'ono chimakokeka mpaka kupyapyala. Ngati tayala lili ndi chilembo R pa saizi yake, monga 185R14, funani chubu chopangidwira matayala a radial. Onaninso bowo la valavu: malimu ena akale ali ndi bowo la mamilimita pafupifupi 16 pomwe ambiri a masiku ano ndi 11 ndi pang'ono. Valavu yoonda ikamagwedera m'bowo lalikulu imadukira patsinde, ndipo pamenepo chigamba sichigwira.

Ngati limu yanu ndi yoyenera, chubulesi ndi yabwino kwa wamalonda. Ikabayidwa ndi msomali kapena munga, mpweya umatuluka pang'onopang'ono, moti mutha kufika pamsika tomato asanafote. Bowo laling'ono la pamapazi pa tayala amalitseka ndi kachingwe kamphira osavula n'komwe tayalalo, ngakhale kuti chigamba cha mkati ndicho chokhalitsa. Tayala lachubu likaponja limaphwa msanga chifukwa mpweya umathawira pa bowo la valavu. Bowo la m'mbali mwa tayala lokha ndiye lisamatidwe, kaya ndi la mtundu uti.

Komabe sindikuona chifukwa chonyozera chubu kudera ngati Utale. Kuti mlomo wa chubulesi ukhale pa limu pamafunika mpweya wambiri nthawi imodzi, kutanthauza kompresa, ndipo pampu yamanja kawirikawiri imalephera. Ena amathira petulo m'tayala n'kuyatsa moto kuti likhale. Musalole zimenezo pa tayala lanu. Chubulesi imafunanso limu yosalala: ikapindika pa mwala kapena ikadyeka ndi dzimbiri, muzipopa m'mawa uliwonse. Chubu amamata aliyense wokonza njinga pansi pa mtengo. Pa ngolo, yomwe liwiro lake ndi la ng'ombe ndipo malimu ake amakhala otopa kale, chubu ndiye chanzeru.

Pogula, musafunse mtengo wa tayala lokha. Funsani mtengo wa tayala, chubu kapena valavu yatsopano, ndi ndalama yovekera, zonse pamodzi, kenako muyerekeze. Pa tayala lakaunjika yang'anani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, choncho 2316 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 mu 2016. Tayala lopitirira zaka khumi lisiyeni ngakhale mapazi ake akuoneka akuya, makamaka ngati m'mbali mwake mwayamba ming'alu.