Kaiti yaikulu kwa woyamba kumene: tiyeni tiwerengere kaye

Ambirife tinakula tikuulutsa makaiti a jumbo ndi timitengo ta bango. Koma pali kaiti ina imene imakoka munthu ndithu. Pa Chingerezi amati power kite. Ilibe mitengo, ndi nsalu yokhala ndi timatumba timene timadzaza mpweya n'kuumbika ngati phiko, nzeru imene anatulukira Domina Jalbert m'zaka za m'ma 1960. Pamtunda anthu amakokedwa nayo ali pa kangolo ka matayala atatu. Pamadzi, monga ku Bloubergstrand ku Cape Town, amaima pa thabwa n'kukokedwa ndi makaiti opopa mpweya, ndipo mu 2024 mpikisano wa makaiti unalowa mu Olympics ku Marseille.

Munthu akazolowera kaiti yophunzirira ya masikweya mita 2, mtima umathamangira ya 6 kamodzinkamodzi. Ndalama zisatuluke kawiri, eti? Ine ndimati tiyambe tatenga cholembera.

Mphamvu imene mphepo imakokera kaiti imadalira zinthu zinayi: kulemera kwa mpweya, kukula kwa kaiti, kaumbidwe kake ndi liwiro la mphepo. Mpweya wodzaza kyubiki mita imodzi umalemera pafupifupi makilogalamu 1.2. Kawerengedwe kake ndi aka:

mphamvu = ½ × 1.2 × liwiro × liwiro × kukula × nambala ya kaumbidwe

Kuti zisavute, nambala ya kaumbidweyo tiitenge ngati 1. Kaiti ya masikweya mita 3 pa mphepo ya mamita 5 pa sekondi ikoka ndi manyutoni 45. Zili ngati kunyamula makilogalamu anayi ndi theka, mwana wa Fomu 1 angathe bwinobwino. Tikasankha ya masikweya mita 6 pa mphepo yomweyo, tipeza manyutoni 90. Kukula kwawirikiza, mphamvu yawirikizanso. Apa palibe chodabwitsa.

Tsono yang'anani liwiro, limene m'kawerengedwe muja lalembedwa kawiri. Mphepo ikakwera kuchoka pa mamita 5 kufika pa 10 pa sekondi, mphamvu imachuluka kanayi. Kaiti ya 3 ija ifika pa manyutoni 180, ya 6 ifika pa 360. Ndipo mphepo siuza munthu kuti ikubwera. Asodzi a kunyanja amadziwa mmene mwera umasinthira mwadzidzidzi m'miyezi yozizira, nawonso a ku Cape Town amaidziwa mphepo yawo ya kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor.

Sizinathe. Kaiti ikaima pamwamba pa mutu wanu kapena chammbali, imakoka pang'ono. Koma ikatsika n'kumadutsa kutsogolo kwanu, mphepo ili kumsana, imathamanga kuposa mphepo yeniyeniyo, ndipo mpweya umene ikukumana nawo umakhala waliwiro kwambiri. Tingoyerekeza kuti liwiro lawirikiza kawiri basi. Manyutoni 360 aja asanduka 1,440. Wophunzira wa makilogalamu 60 amalemera pafupifupi manyutoni 600. Mwaona? Kaiti yamuposa koposa kawiri. Ikhoza kumukwekweretsa pansi kapena kumunyamula n'kumuponya, ndipo woyamba kumene ndi amene amalowetsa kaiti m'dera loopsali mosafuna, chifukwa manja sanazolowere.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji a pamadzi amagwiritsa ntchito makaiti a masikweya mita 9 kapena 12? Makaiti awo ali ndi chogwirira chimene ukachikankhira kutsogolo chimasintha mmene kaiti yapendekera, mphamvu n'kuchepa. Alinso ndi chomasulira mwachangu pa lamba wa m'chiuno, ndipo ambiri amayamba ndi mphunzitsi. Akatswiri amakhalanso ndi makaiti angapo: mphepo ikakula amatenga yaing'ono.

Ndiye langizo langa kwa wofuna kukwera sitepe ndi ili. Kuchoka pa 2, pitani pa 3 kapena 4, malinga ndi kulemera kwanu ndi mphepo ya kwanuko. Sankhani ya zingwe zinayi, chifukwa ziwiri zakumbuyo zimagwira ntchito ngati mabuleki ndipo zimakuthandizani kuitsitsa. Ikhale ndi kachingwe ka padzanja kamene kamapha mphamvu ya kaiti mukaitaya. Tsiku loyamba muiyese pa mphepo yofatsa, pabwalo lopanda mitengo, nyumba ndi mawaya a magetsi, mutavala chisoti cholimba, mnzanu ali pafupi. Kukachita mitambo ya mabingu, pindani kaiti muzipita.

Nayi ntchito yoti muyese nokha: werengerani mphamvu ya kaiti ya masikweya mita 4 pa mphepo ya mamita 8 pa sekondi, kenako muichulukitse kanayi ngati ikudutsa kutsogolo kwanu. Yerekezani yankholo ndi kulemera kwanu m'manyutoni, muone ngati mungaigwire.