Jini ndi Chiwongolero Chake: Mawu Ofotokozera Kusiyana kwa Anthu

Mphunzitsi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akafunsidwa chifukwa chimene akuluakulu ena amatsegulira m'mimba akamwa mkaka wa ng'ombe, pamene ena amaumwa osamva kanthu, kawirikawiri amayankha kuti n'zakumtundu. Yankholi si lolakwa, koma limakwirira mfundo imene akatswiri aitulukira: nthawi zambiri anthu sasiyana pa jini yeniyeniyo, koma pa chimene chimaiyendetsa. M'Chingerezi nkhaniyi imatchedwa gene regulation, ndipo m'Chichewa ikusowa mawu okhazikika.

Tiyambe ndi dzina lakuti jini. Alembi ena adaliika kale m'gulu la Li-Ma, nalemba kuti jini, majini. Vuto n'lakuti majini ndi mawu akale ochokera ku Chiarabu, otanthauza mizimu yozunza anthu. Mayi wa ku Nambuma akawerenga pa kapepala ka zaumoyo kuti mwana wake akudwala chifukwa cha majini amene adatengera kwa makolo, ulendo wake ungathe kulunjika kwa sing'anga m'malo mwa kuchipatala. Maganizo anga ndi akuti dzinali tiliike m'gulu la I-Zi, monga nyumba: jini iyi, jini izi. Ndimo ndalilembera muno.

Pafupifupi m'selo iliyonse ya thupi muli DNA, imene ili ngati mndandanda wautali wa zilembo zinayi, A, C, G ndi T. Jini zopereka malangizo opangira mapuloteni zilipo pafupifupi 20,000, koma sizikwana ngakhale magawo 2 pa 100 alionse a DNA yonse. Zigawo zina mwa zotsalazo ndizo zimauza jini nthawi yogwira ntchito, malo ake m'thupi ndi muyeso wake. N'chifukwa chake selo ya m'diso ndi ya m'chiwindi zili ndi jini zofanana koma ntchito zosiyana.

Mkaka ukutipatsa chitsanzo chomveka. Khanda limapanga puloteni yotchedwa lakitezi m'matumbo aang'ono, imene imaphwanya lakitozi, shuga wa mumkaka. Mwa anthu ambiri jini ya lakitezi imayamba kufooka mwana akaleka kuyamwa. Akuluakulu amene imapitirirabe kugwira ntchito ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lonse. Mu 2002 ofufuza a ku Finland adapeza kuti mwa Azungu omwa mkaka popanda vuto, chidasintha ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo sichili m'jini ya lakitezi ayi. Chili patali ndi zilembo pafupifupi 14,000, m'kati mwa jini yoyandikana nayo yotchedwa MCM6. Mu 2007 gulu la Sarah Tishkoff lidafalitsa zimene lidapeza pakati pa oweta ng'ombe a ku Kenya, Tanzania ndi Sudan: m'dera lomwelo la DNA mudali zilembo zina zosinthika, zosiyana ndi cha ku Ulaya chija, koma zotsatira zake n'zimodzimodzi. Tsono luso logaya mkaka lidabuka kangapo, m'maiko otalikirana, pakati pa anthu amene moyo wawo udadalira ziweto.

Apa mlembi asamale. Munthu wamkulu amene mkaka sumuyanja sakudwala, ndiponso alibe chilema. Thupi lake likuchita zimene matupi a anthu ambiri amachita. Ambiri otere chambiko amamwa bwino, popeza tizilombo tosasitsa mkaka timakhala titadya kale gawo lina la shuga uja.

Nanga chigawo choyendetsa jinichi tichitche chiyani? Mneni wakuti kulamulira akupereka chithunzi cha mfumu yogamula mlandu, chinthu chokhala ndi nzeru zakezake. Mawu akuti kuyatsa ndi kuzimitsa ndi osavuta kumva, ndipo aphunzitsi a ana aang'ono angawagwiritse ntchito, koma akusonyeza mbali ziwiri zokha, pamene jini ingathe kugwira ntchito kwambiri, pang'ono, kapena m'chiwalo chimodzi chokha. Kuwongolera ndiko kukukwana. Ngolo ziwiri zochokera ku Mpingu zingathe kukokedwa ndi ng'ombe zamphamvu zofanana, koma ina n'kuima panjira inzake n'kupitirira, malinga ndi wowongolera. Motero tinganene kuti chiwongolero cha jini potchula chigawo cha DNA, ndi kawongoleredwe ka jini potchula mchitidwe wonse.

Chitsanzo chachiwiri chikusonyeza bwino za malo. Anthu ochuluka zedi a kumadzulo ndi pakati pa Afirika alibe puloteni yotchedwa Duffy pa maselo ofiira a magazi. Mu 1995 ofufuza a ku France adaonetsa kuti jini yake ili bwinobwino, ndipo m'ziwalo zina ikugwira ntchito. Chilembo chimodzi cha m'chiwongolero ndicho chimailetsa m'maselo ofiira okha. Kachilombo ka malungo ka Plasmodium vivax kamalowera pa puloteni imeneyi, choncho otere savutika nako kawirikawiri, ngakhale kuti mu 2010 kadapezeka mwa anthu opanda Duffy ku Madagascar. Izi zisatipusitse: malungo ambiri m'Malawi muno amadza ndi Plasmodium falciparum, kamene sikasowa khomo limenelo. Onaninso kuti pa chitsanzo ichi chokha ndi pamene mawu akuti zili m'magazi akunena magazi enieni. Pa nkhani ya mkaka ija mawuwa ndi okuluwika chabe, ndipo m'buku la sayansi angasocheretse mwana.

Dzina lovuta kuposa onse ndi mtundu. Timati mtundu wa Achewa, mtundu wa Amalawi, mtundu wa nsalu, ndiponso matenda akumtundu ponena za banja. Tikalemba kuti mitundu ya anthu imasiyana jini, wowerenga amamva kuti mtundu uliwonse uli ndi zakezake zimene wina alibe. Si mmene zilili. Chimene chimasiyana ndi kuchuluka kwa anthu okhala ndi chilembo chakutichakuti m'gulu lina poyerekeza ndi linzake. Richard Lewontin adawerengetsa mu 1972 kuti magawo pafupifupi 85 pa 100 a kusiyana konse amapezeka m'kati mwa gulu limodzi lomwelo. Pa msika wa Namitete, pamene Achewa, Angoni ndi ena akhala akukwatirana, anthu awiri a mfunda umodzi angasiyane pa nkhani ya mkaka.

M'malo mwa mtundu tilembe kuti gulu la anthu, ndipo titchule dera limene makolo awo adakhala. Chiganizo chakuti "Mtundu uwu uli ndi majini a mkaka" chilembedwe motere: "M'gulu ili anthu ambiri ali ndi chiwongolero chimene chimalola jini ya lakitezi kugwirabe ntchito munthu atakula."